Buku Limene Antonieta Anakana Kulimaliza

Mlamu wanga Antonieta anali wamakani. Sindikumunena ayi, chifukwa mwini wakeyo akanandimva akanavomera, kenako n'kuyamba kutsutsa mmene ndanenera. Anabadwira kumtunda, kumapiri a ku Maniamba, kwa anthu olima chimanga amene nyanja amangoionera patali. Achimwene anga a Gervásio atamufunsira, akwawo anati mkamwini akakhale komweko azikalima. Achimwene anayankha kuti ukonde sukwera phiri. Ndiye Antonieta ndi amene anatsika, nabwera kwathu ku Chiwanga ali mtsikana woopa ngakhale kuponda m'bwato.

Bwatolo sanalizolowere moyo wake wonse, koma usipa anauzolowera msanga. Ntchito yake inali yoyanika. Asodzi akamakocheza m'mawa iye amakhala atafika kale ndi dengu, kusenza usipa, kukauwaza pathandala, kuutembenuza ndi manja dzuwa likakwera, kwinaku akukalipira akhwangwala ndi agalu a eni. Manja ake anali ong'aluka ngati nthaka ya m'chilimwe, ndipo fungo la nsomba silinkamuchoka ngakhale pa Pasaka. Kuwerenga ankatha pang'ono, m'buku la mapemphero la Chinyanja basi, makamaka pamene pali nyimbo zimene ankazidziwa kale pamtima. Chipwitikizi ankadziwa cha pamsika: manambala, ndi mawu awiri atatu otukwanira. Koma mkazi ameneyu ndiye anakonda buku la Chipwitikizi kuposa munthu aliyense amene ndinamuonapo.

Bukulo linabwera ndi achimwene. Asanakwatire ankaphikira Mpwitikizi wina ku Metangula, ndipo azunguwo atayamba kulongedza kuti azipita kwawo, antchito anagawana zotsala. Wina anatenga mpando, wina wailesi, wina nsapato. Achimwene anafika pakhomo atanyamula buku lopanda chikuto, loti ngakhale dzina lake silinkadziwika. Amayi athu, a Lea, anawayang'ana n'kufunsa kuti chimenechi chimadyedwa ndi ndiwo yanji. Linagona m'bokosi zaka zambiri, pansi pa malaya a ukwati, popanda woligwira.

Linatulutsidwa ndi nkhondo. Palafini atasowa usodzi unachepa, chifukwa usipa umabwera ukaona nyali, ndipo miuni ya udzu imene amuna ankayesera inkazima msanga. Mabatire a wailesi kunalibe. Kuminda ya kuphiri anthu ankapita chothamanga n'kubwerako chothamanga. Lamulungu masana, tikatuluka m'tchalitchi, panalibe chochita koma kukhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi matandala n'kumauzana mbiri zoopsa, za mudzi wakuti umene watenthedwa ndi za auje amene sanabwere. Tsiku lina achimwene anatopa nazo. Analowa m'nyumba, natuluka ndi bukulo, nakhala pa muzu waukulu wa mtengowo, nati, "Ngati n'kumva za imfa, tiyeni timveko ya mzungu."

Kawerengedwe kawo kanali kotopetsa kwa munthu waphuma. Ankaika chala pansi pa mzere, milomo ikugwedera popanda mawu, kenako n'kudzutsa mutu n'kutifotokozera m'Chinyanja. Ine Priska ndinafika kalasi yachinayi ku mishoni, ndiye ndikasuzumira paphewa pawo ndinkaona kuti mzere umodzi wa m'buku ukubala mizere isanu pakamwa pawo. Ndikawanena ankati, "Wofuna ndiwo zopanda mchere akaphike yekha." Ankawerenga masamba ochepa Lamulungu lililonse, n'kuika kachingwe ka ukonde pamene alekezera. Analumbira pamaso pa tonse kuti iwonso sadzasuzumira kutsogolo, ndipo ndikukhulupirira kuti sanasuzumire, chifukwa achimwene sankatha kusunga chinsinsi kuchokera pakhomo kukafika kunyanja.

Nkhani yake inali iyi. Kudziko lina lozizira kunali nkhalamba yolemera, yokhala m'nyumba yaikulu m'mbali mwa mtsinje. Inaitana abale ake kuphwando, mvula n'kugwa, mlatho n'kukokoloka, moti panalibe wolowa kapena wotuluka. Kutacha nkhalamba ija inapezeka itabayidwa m'chipinda chake, chitseko chili chokhoma cham'kati. M'nyumbamo munali mwana wake wamwamuna, mwana wake wamkazi, mwana wa mlongo wake, dotolo, ndi wophika. Munalinso mlendo wina wodwala chifuwa, wokonda kusenda malalanje, amene ntchito yake inali yofufuza milandu.

Achimwene atafika pa chitseko chokhomacho anaima, natiyang'ana kuti tidabwe. Palibe anadabwa. Amayi anati, "Nanga chovuta n'chiyani pamenepo? Mfiti imafuna chitseko?" Tonse tinavomereza, ena n'kuyamba kale kufunsa ngati m'nyumbamo munalibe nkhalamba yaikazi yofiira maso. Achimwene anagwira mutu. Anati m'mabuku a mtundu umenewu mulibe ufiti, bwana wawo wakale uja anawauza. Wakupha ndi munthu wa manja ndi miyendo, ali pakati pa anthu amene tawamva kale, ali ndi chifukwa chake, ndipo buku lisanathe adzatchulidwa pamaso pa onse.

"Adzatchulidwa jina?" anafunsa Antonieta.

"Jina lake lenileni."

"Ndipo wofunsayo samangidwa chifukwa chofunsa?"

"Amangidwa bwanji? Ndiyo ntchito yake."

Antonieta anasiya dengu limene ankakonza, nasendera pafupi. Kuyambira tsiku limenelo malo a kumanja kwa achimwene anali ake, ndipo mwana akakhalapo ankathamangitsidwa ngati nkhuku.

Ife ena tinkamvetsera mongosangalala. Tinkaseka anthu a m'bukumo, amene ankakhala patebulo n'kumadya bwinobwino mtembo uli m'chipinda chapamwamba, popanda ndi mmodzi yemwe wogubuduka pansi ndi kulira. Amayi ankati anthu otere onse ndi oyenera kumangidwa. Antonieta yekha ndiye ankamvetsera ngati ali pabwalo la milandu. Anatola timiyala kunyanja, kamwala kalikonse n'kukapatsa munthu wake, n'kutindandalika pakona ya thandala lake. Akamatembenuza usipa ankatisuntha, uyu anali kukhitchini, uyu akuti anali atagona, uyu anamva kukhosomola. Tsiku lina khwangwala anagwetsa dotolo pansi, ndipo anamufunafuna mumchenga mpaka anamupeza.

Sanachedwe kupeza wakupha wake. Anati ndi mwana wa mlongo. Kwa iye nkhaniyo inali yoonekeratu: munthu akafa, wolowa m'malo mwake ndi mwana wa mlongo wake, ndiye wina angafulumire ndani kuti amjomba, amalume akewo, afe? Achimwene anamufotokozera kuti kwa azungu sizitero, zonse zimapita kwa mwana wobereka, mwana wa mlongo sapata ngakhale supuni. Antonieta anati zimenezo n'zapakamwa chabe, magazi ndi magazi. Ndiponso anali ataona kuti mnyamatayo sachotsa maso pa msuweni wake, mwana wamkazi wa nkhalamba ija. Achimwene ankamuikira kumbuyo mnyamatayo pa chifukwa chimodzi chokha: m'bukumo ankakhalira kuwedza kumtsinje. "Msodzi sapha munthu," ankatero, "alibe nthawi." Iwo ankaloza dotolo, popeza chibadwire sankakhulupirira munthu wobaya anzake jekeseni uku akumwetulira.

Mkangano umenewu sunkathera pansi pa mango. Unkapita nawo kuthandala, kumunda, mpaka pamphasa. Ndinkawamva kuseri kwa mpanda m'mawa, madzi osamba asanafunde n'komwe.

"Nanga nsapato zake zinanyowa ndi chiyani, bambo a Elisa?"

"Ndi maji, mayi inu! Msodzi mukufuna ayende ndi nsapato zouma?"

Anthu odutsa ankaganiza kuti banja likutha. Ine ndinali ndisanawaonepo akukondana chotero. Kunja kunkaipiraipira mwezi ndi mwezi, mchere utasowa, sopo titaiwala fungo lake, koma Antonieta ankadzuka Lolemba mtima uli kale pa Lamulungu.

Masamba atatsala ochepa, oti n'kuwatsina ndi zala ziwiri, njala inalowa m'nyumba. Chinangwa cha pafupi chinali chitatha, cha kuphiri palibe ankalimba mtima kukazula. Antonieta ndiye anaganiza zoti achimwene atenge usipa akasinthe ndi chimanga kwa alongo ake ku Maniamba. Masiku amenewo magalimoto sankayenda okhaokha, ankadikirana n'kunyamuka pamzere, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mzere umenewu tinkautcha kolona. Achimwene anapeza malo pa lole ina ya mu kolona yochokera ku Metangula. Lamulungu lomaliza asananyamuke, wofufuza uja anali atangouza anthu onse a m'nyumba kuti asonkhane m'chipinda chochezera. Antonieta anachonderera kuti amalize. Achimwene anatseka buku, kachingwe kali m'kati, akuseka.

"Ndikamaliza lero, mudzandidikira ndi chiyani?"

"Ndiwapatsa alamu a Priska andiwerengere."

"Priska amawerenga ngati akulengeza za msonkho. Ili ndimaliza ndine, Lamulungu likubwerali. Ndikufuna ndidzakuoneni nkhope akamatchula dotolo."

Kolona ija sinafike ku Maniamba. Pokwera phiri, pamene msewu umakhota ndipo magalimoto amachita kukwawa, anthu a mfuti anaithira zipolopolo kuchokera m'tchire. Malole ena anapsa. Opulumuka anayamba kufika kunyanja mmodzimmodzi, ena tsiku lomwelo, ena patapita masiku, mapazi atatupa. Achimwene sanafike. Mitembo imene inabweretsedwa tinakaiona, ine ndi achimwene aakulu a Samsoni, ndipo wawo panalibe. Tinamva kuti ina inakwiriridwa komweko m'mbali mwa msewu, popanda wofunsa kuti uyu ndi mwana wa yani.

Ife tinalira. Antonieta sanalire. Anamanga nsalu m'chiuno n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kwa onse amene anali pa kolonayo, ndipo ndinkapita naye chifukwa ndinkaopa kuti pakamwa pake pamupalamulitsa. Ankafunsa ngati mlendo wa malalanje uja: munakhala mbali iti, iwo anakhala pati, munawaona komaliza akutani. A Amade, ogulitsa fodya, anati anawaona akudumpha n'kuthawira kuchigwa ali bwinobwino. Mayi wina dzina lake Eugénia anati ayi, anawaona pamzere wa amuna amene anagwidwa kuti asenze katundu, thumba la usipa lili pamutu. Msilikali wina anati munthu wamtali wa malaya abuluu anapsera m'lole, koma atafunsidwa bwino anati mwina malayawo anali obiriwira. Aliyense ankalumbira, ndipo sindikuganiza kuti alipo ankanama. Munthu akamathawa zipolopolo amayang'ana njira, sayang'ana mnzake.

A Samsoni anayesa njira yathu. Anapita kwa woombeza wina, anauzidwa kuti m'bale wawo ali moyo kuseri kwa mapiri. Anapita kwa wina kuti atsimikize, anauzidwa kuti anafa tsiku lomwelo. Anabwerako nkhuku ziwiri zitapita, mutu uli chimodzimodzi.

Ngakhale za owomberawo anthu sankagwirizana. Pagulu aliyense ankati ndi a m'tchire. Kuseri ena ankanong'ona zina, zoti njala sisankha yunifolomu. Antonieta anapita nazo zimenezi ku ofesi ina ku Metangula, nafunsa bambo wa kuseri kwa tebulo kuti anawombera ndani, ndipo ogwidwa amapita nawo kuti. Bamboyo sanali woipa. Anatseka chitseko, natsitsa mawu, nati, "Mama, muli ndi ana? Pitani mukawaphikire. Mafunso awa musakafunsenso pena paliponse." Tinatuluka n'kuyamba ulendo wobwerera. Titayandikira kumudzi, Antonieta anaima.

"Alamu, kuja mlatho unakokoloka, onse anali m'nyumba imodzi. Kuno ndiyambira pati? Tchire lilibe chitseko."

Titafika anapita kuthandala kwake, nayang'ana timiyala tija nthawi yaitali. Analibe munthu woti amupatse kamwala.

Kwathu munthu akamira m'nyanja mtembo osapezeka, sitimusiya choncho. Timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ya mwini wakeyo, n'kuliika m'manda monga munthu, kuti mzimu wake upeze pogona ndipo otsala amete, maliro athe. Mvula itagwa n'kutha, n'kudzagwanso, a Samsoni anapita kukanena zimenezi. Antonieta anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kuwakana. Anati womira timamudziwa kuti wamira chifukwa bwato limabwera lokha. Uyu wamuona ndani? Anati ngakhale m'buku muja, choyamba chimene wofufuza anachita n'kukaona mtembo ndi maso ake. A Samsoni anatuluka akupukusa mutu, nandiuza kuti mlamu wathu wazungulira mutu ndi nthano za azungu.

Sanazungulire mutu. Ntchito ankagwira monga kale, ana ankadya chimene chapezeka. Kungoti bukulo analikulunga m'nsalu n'kulisunga mumtsuko wouma, ndipo tikamva mfuti n'kuthawira m'bango, iye ankabereka mwana kumsana, buku n'kulimangirira pamimba. Lamulungu masana ankalitulutsa n'kukhala nalo pansi pa mango, osalitsegula. Nthawi zina ankatibwerezera nkhani yonse kuyambira paphwando, m'mawu a achimwene, ndi mchere wawo womwe, n'kudzaima pamene anthu akulowa m'chipinda chochezera. Kangapo konse ndinamuuza kuti, "Alamu, bweretsani ndikumalizireni, mtima ukhale pansi." Ankandiyang'ana ngati ndapempha kugona pamphasa ya mwamuna wake. "Eni ake akubwera," ankatero.

Ndinkapsa naye mtima, ndisabise. Amene anasowawo anali achimwene anga, ndinawadziwa iye asanawadziwe, ndipo ndinkafuna malo oti ndikagwade, ndilire, ndimalize. Koma ndikamuona akudzutsa mutu pathandala nthawi iliyonse munthu wamtali akatulukira panjira ya ku Metangula, mkwiyo unkasanduka chisoni. Pena ndinkaganiza kuti chikumudya n'chakuti ulendo uja anaupangitsa ndi iye. Sanatchulepo, inenso sindinamufunse.

Chimene chinathyola makani ake sichinali mawu a munthu. Midzi ina ya cha ku Lunho inatenthedwa, utsi tikuuona ndi maso athu, ndipo anthu anayamba kuwolokera ku Likoma. A Samsoni anapeza malo a banja lonse m'boti la matanga la a Issufo, ndipo a Issufo ananeneratu kuti mwera ukangofatsa anyamuka, sadikira munthu. Apo amayi athu, amene anali atafooka moti ankayenda chogwira khoma, anakhala pansi n'kukana. Anati sangawoloke kusiya mwana wawo akuyendayenda m'tchire wopanda manda. Akaikidwa, akwera. Akapanda kuikidwa, iwo afera pompo. A Samsoni sakanasiya mayi awo, ife sitikanapita popanda a Samsoni, ndipo nthochi sidulidwa mkazi wa munthu asanavomere. Tonse tinangokhala, katundu ali m'mitolo, maso ali pa mkazi mmodzi.

Palibe anamukalipira. A Samsoni, amene kukalipa ankakutha, anangopita kukakhala pakhonde pake m'mawa wonse, n'kubwerera. Elisa, mwana wake woyamba, ankamanga ndi kumasula mtolo womwewo. Mwera unawomba masiku angapo, ndipo ndikudziwa kuti Antonieta ankapemphera kuti usaleke, pamene ena tonse tinkapemphera kuti uleke. Loweruka masana nyanja inayamba kugona.

Mawa lake titatuluka m'tchalitchi Antonieta anandiitana. Anali atakhala pansi pa mango, kumanja kwa muzu uja, buku lili pamiyendo. Matandala anali opanda kanthu. Anandipatsa bukulo ndi manja awiri.

"Werengani, alamu."

"Mwatsimikiza?"

"Musandifunse kawiri, ndingasinthe."

Ndinatsegula pa kachingwe. Kanali katasiya mzere wofiirira papepala. Sindinakhale pamuzu paja, ndinakhala pamchenga moyang'anana naye. Anthu anayamba kubwera okha, amayi atagwiriziridwa ndi Elisa, a Samsoni n'kuima chapatali ngati sakumvetsera. Ndinawerenga mmene ndikanathera, ndipo achimwene ananena zoona, mawu anga anali ouma. Koma nkhaniyo inadzinyamula yokha. Mlendo wa malalanje anaimirira pakati pa chipinda nayamba kuwatenga mmodzimmodzi. Wophika ananama za kumene anali, koma chifukwa ankaba vinyo. Mwana wamwamuna anakanganadi ndi bambo ake, koma anali ataledzera moti sakanatha kukwera makwerero. Atafika pa dotolo ndinamva Antonieta akukoka mpweya. Dotolo anali ndi zake zochititsa manyazi, koma sanaphe munthu.

Chodabwitsa n'chakuti kwa kanthawi tinaiwala. Tinaiwala utsi, mitolo, ndi boti la a Issufo. Amayi anali kukamwa yasa. A Samsoni anali atasendera mpaka ndinkamva mpweya wawo pamutu panga. Antonieta maso ankawala ngati kale, thupi litaweramira kutsogolo, akundifulumizitsa ndi dzanja ndikakakamira pa liwu lovuta.

Kenako wofufuza anatulutsa m'thumba chingwe cha mbedza. Anaonetsa mmene munthu angakolere mpiringidzo wa chitseko ndi chingwe chotere, kutuluka, n'kukoka ali panja kuti chitseko chikhomeke cham'kati. M'nyumba monsemo woyenda ndi chingwe cha mbedza anali mmodzi. Nkhalamba ija inali itamukaniza msuweni wake, n'kumuuza kuti mlatho ukakonzedwa achoke asadzabwerenso. Wofufuza anatembenuka, namuloza, namutchula dzina pamaso pa onse. Anali mwana wa mlongo.

Antonieta anadumpha. Anawomba m'manja kamodzi mwamphamvu, nkhope yonse ikuseka, natembenukira kumanzere kwake.

"Mwamva, bambo a Elisa? Msodzi wanu uja! Ndinkanena ine..."

Pamuzupo panalibe munthu. Panali masamba ouma a mango ndi nyerere. Anakhala chiimire, dzanja lili m'mwamba, akuyang'ana pamenepo, ndipo tinaona kuseka kuja kukuchoka pankhope yake pang'onopang'ono. Palibe mwa ife akanamuthandiza. Anali atapambana mkangano wake, ndipo munthu yekhayo amene akanagwira mutu n'kutsutsa kuti bukulo lalakwitsa kunalibe.

Anakhala pansi. Patapita nthawi anafunsa, mawu ali pansi, ngati pali zina. Ndinati kwatsala pang'ono: mlatho wakonzedwa, apolisi afika, wakuphayo atengedwa, ena onse apita kwawo.

"Apita kwawo akudziwa," anatero.

"Akudziwa."

"Anthu amwayi."

Apo ndi pamene analira, kulira kumene anakusunga chiyambire, ndipo amayi anakwawa pamchenga n'kukamugwira. Ena tonse tinangoweramitsa mitu. Atatha anapukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu, nayang'ana a Samsoni.

"Alamu, kaduleni. Musankhe yaitali. Anali aatali."

Tinaika nthochiyo masana omwewo, itakulungidwa m'malaya a ukwati aja. A Hezekiya, akatekisiti athu, anawerenga mapemphero onse a maliro maso ali m'buku lawo, osafuna kuona chimene chili m'nsalu. Kumeta tinameta mothamanga m'mawa mwake, mosadikira masiku ake, n'kukwera boti mitu ili mbee. Antonieta, woopa madzi uja, anakhala pakati pa mitolo atatsinzina ulendo wonse, dzanja lili pamimba pamene panali buku.

Ku Likoma anakhala zaka zingapo akuyanika usipa wa eni. Amayi athu anafera komweko mtima uli m'malo. Nkhondo itatha tinabwerera ku Chiwanga, ndipo amuna ena amene anagwidwa kalekale anayamba kutuluka m'tchire, owonda, ena ataiwala ndi njira ya kwawo yomwe. Antonieta, mkazi woti anameta kale, ankasiya usipa padzuwa n'kupita ku Metangula akangomva kuti kwafika lole. Ankafunsa mafunso ake omwe aja, munali kuti, munali ndi yani, kunalibe munthu wamtali wodziwa kuphika za azungu? Palibe anamudziwa. Mpaka tsiku limene tinamuika iyeyo pafupi ndi nthochi ija, sanadziwe ngati mwamuna wake anafa, anafera kuti, kapena anamupha ndani. Ifenso mpaka lero sitidziwa.

Bukulo sanalole kuti liwerengedwenso, koma nkhani yake sanaisiye. Ankaifotokozera amayi anzake pathandala, manja akutembenuza usipa, kuyambira paphwando, mvula, mlatho, chitseko chokhoma, nsapato zonyowa. Ankaifotokoza bwino moti akhwangwala ankaba usipa anthu osaona. Koma akafika pamene anthu akulowa m'chipinda chochezera ankaima, n'kuyamba kukungula dengu lake. Amayiwo ankamuchonderera kuti anene, ena ankandiyang'ana ine, ine n'kuyang'ana kunyanja.

"Nanga anapha ndani, amayi a Elisa? Musatisiye m'malere!"

Iye ankasenza dengu, n'kuyankha ali chotembenuka.

"Bambo a Elisa akuti ndi dotolo."